ULENDO WA KU LIVINGSTONE, MZINDA WA PA UTSI WOGUNDA

 Lero ndifuna kuti tiyendere limodzi ulendo wa kumwera kwa dziko la Zambia, tikaone mzinda wa Livingstone ndi mathithi akulu a mtsinje wa Zambezi.

Ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene kandicititsa manyazi. Ine ndinafika pa mathithi amenewa imvi zitayamba kale kuoneka m'mutu mwanga. Tsiku limenelo ndinaima pakati pa alendo a ku Japan, a ku Germany ndi a ku America, anthu amene anasunga ndalama zao nthawi yaitali, naoloka nyanja zamcere, kuti adzaone cinthu cimene ine mwini dziko ndinangocimva m'kamwa mwa aphunzitsi anga. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu muli monga ndinaliri ine. Cifukwa cace ndifuna kukuuzani zimene ndinaona, ndi zimene ndinaphunzira za mzinda umene unalandidwa zinthu zambiri, koma ukali ndi moyo cifukwa ca zimene unasunga.

Kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone pali makilomita ngati 480, ndipo basi yonyamuka mbandakuca imafika dzuwa litapendeka. Inu a kum'mawa muonjezepo tsiku lina la ulendo wofikira ku Lusaka. Njira ipita pa Kafue, ndi pa Mazabuka pamene pali minda ya nzimbe yosaoneka malekezero ace, nipitirira pa Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba, m'dziko la Atonga oweta ng'ombe. Ngati uli mwezi wa Epulo kapena Meyi, poyandikira mzinda muponye maso kumwera. Mudzaona cinthu coyera cirikukwera kumwamba, ndipo mudzayesa kuti alenje atentha chire. Koma suli utsi wa moto ai. Ndi madzi a Zambezi, amene agwa ndi mphamvu m'phompho nabwerera kumwamba ngati nkhungu.

Nkhungu imeneyi ndiyo inapatsa malowa dzina. Makololo, amene analamulira dziko la Alozi m'masiku a mfumu Sebitwane ndi mwana wace Sekeletu, anati Mosi-oa-Tunya, ndiko kunena kuti Utsi Wogunda. Eni malo, anthu a mtundu wa Toka-Leya, ali ndi dzina laolao, Shungu Namutitima. Mafumu ao, monga Mukuni ndi Sekute, anali kumeneko kalekale, ndipo anthu ao ankapembedza mizimu ya makolo pafupi ndi mathithiwo. Tsono pamene timva kuti David Livingstone anapeza mathithi awa pa 16 Novembala 1855, tizikumbukira kuti iye anacita kuperekezedwa. Anthu odziwa mtsinje anamkweza m'bwato, nampalasira pa kacisumbu ka m'mphepete mweni mweni mwa phompho, ndipo iye anasuzumira pansi ali pamenepo. Cimene Livingstone anacita ndi kulemba mbiri ya malowa kuti a ku Ulaya aidziwe, ndi kuwacha dzina la mfumukazi ya kwao, Victoria. Abale a ku Malawi, nkhani iyi ikukhudzani inunso, pakuti ena mwa Makololo amene anayenda ndi Livingstone anakhazikika ku cigwa ca Shire, ndipo maina a mafumu monga Kasisi, Katunga ndi Maseya a ku Chikwawa acokera kwa iwo.

Mathithi ali makilomita ngati 10 kucokera pakati pa mzinda. Kumtunda kwace mtsinje uli wotakata ndi wofatsa, uli ndi zisumbu za migwalangwa, ndipo mvuu zisewera m'menemo. Munthu sangaganize kuti patsogolo pali coopsa. Koma mwadzidzidzi dziko lang'ambika, ndipo mtsinje wonse, m'mimba mwace mamita 1,708, ugwera m'mng'alu umene pozama pace pafika mamita 108. Mlendo aima pa thanthwe la tsidya lina la mng'aluwo, nayang'anana ndi madzi maso ndi maso. Phokoso lace limveka m'cifuwa momwe, ndipo mnzako akafuna kukuuza kanthu ayenera kupfuulira m'khutu.

Pano ndikucenjezeni, kuti mungacite monga ndinacitira ine. Ndinabvala jekete langa la pa Sabata, poganiza kuti pa malo omveka otere munthu ayenera kuoneka bwino. Anyamata a pacipata anafuna kundibwereka cobvala ca mvula pa mtengo wocepa, koma ine ndinayang'ana kumwamba, ndi kuona kuti kulibe mtambo, ndinakana. Pali kamlatho kopapatiza kochedwa Knife Edge, kamene kapita pamwamba pa phompho pakati pa nkhungu. Pamene ndinaoloka pamenepo ndinanyowa monga munthu wogwera m'citsime, ndalama za m'thumba ndi nsapato zomwe, pakuti mvula ya pamenepo icokera pansi, ndi m'mbali, ndi kumwamba nthawi imodzi. Mvula yosaleka imeneyi yameretsa nkhalango ya mitengo yobiriwira caka conse, pakati pa dziko louma la mitsanya ndi milambe. Dzuwa likawala muona utawaleza pansi pa mapazi anu, nthawi zina awiri. Ndipo usiku wa mwezi wathunthu, madzi ali ambiri, pacita utawaleza wa mwezi, wotuwa ngati mzukwa, umene uoneka pa malo owerengeka okha pa dziko lapansi.

Amene muli ndi maondo olimba tsikirani ku Boiling Pot, ndiko kunena Mphika Wowira, kumene madzi onse atuluka pa mpata wopapatiza nazungulira ngati nsima pa moto. Njira yace ndi yotsetsereka, ndipo pobwera ndi citunda cotopetsa. Musanyamule cakudya poyera, cifukwa anyani a kumeneko saopa munthu, ndipo atsomphola thumba m'manja.

Kapena mufunsa kuti, kodi mng'alu umenewu unabwera bwanji? Akatswiri a miyala atiuza kuti kalekale, anthu asanakhaleko, mwala wosungunuka unatuluka pansi nufalikira pa dziko lonselo. Pozizira unauma nukhala thanthwe lakuda, ndipo unang'aluka ming'alu imene pambuyo pace inadzala ndi dothi ndi miyala yofewa. Mtsinje ukapeza mng'alu wotere ukokolola zofewazo pang'ono pang'ono kufikira papangika phompho. Cifukwa cace kunsi kwa mathithi kuli zigwembe zakuya zokhotakhota, ndipo ciri conse ca izo cinali mathithi pa nthawi yace. Ngakhale lero madzi alikudya mng'alu watsopano ku mbali ya Zimbabwe, pa malo ochedwa Devil's Cataract. M'mphepete mwa zigwembezi apezamo zida za miyala zimene anthu akale anasema, umboni wakuti anthu akhala akumva kugunda kumeneku mibadwo yosawerengeka.

Nanga nyengo yabwino yopitira ndi iti? Apa pafunika kudziwa mayendedwe a mtsinje. Zambezi ayambira pa kasupe wamng'ono kufupi ndi Mwinilunga, nalowa m'Angola, nabwereranso kudzasefukira pa cigwa ca Alozi, kumene Litunga asamuka ndi bwato lace pa mwambo wa Kuomboka. Madzi acedwa m'cigwamo, kotero kuti pa mathithi acuruka koposa mu Epulo, mvula itayamba kale kuleka. Pamenepo nkhungu icuruka kufikira kubisa mathithi eni ace. Mu Okutobala ndi Novembala madzi acepa, ndipo mbali ya kum'mawa, ndiyo ya Zambia, itsala thanthwe lokhalokha ndi timifuleni. Cina cocepetsa madzi ku mbali iyi ndi nyumba yopangira magetsi, imene inayamba nchito mu 1938, ndipo ipatutsa madzi ena asanafike pa phompho. M'caka ca cilala ca 2019 zithunzi za thanthwe loumalo zinafalikira m'maiko ambiri, ndipo ena anati mathithi afa. Koma madzi saiwala khwawa. Miyezi ingapo itapita mtsinje unadzalanso. Ine ndinganene kuti Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yokoma, pakuti madzi akali ambiri, koma maso aona bwino, ndiponso kunja sikutentha.

Mukaima pa Knife Edge muona mlatho waukulu wacitsulo wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mlatho umenewu ndiwo unabala mzinda wa Livingstone. Cecil Rhodes anafuna kuti njanji yocokera ku Cape Town ioloke pafupi kotero kuti nkhungu izigwera pa sitima, koma iye anamwalira mu 1902 asanauone. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku England, ndi kampani ya Cleveland Bridge, ndipo zinadza pa nyanja kufikira ku Beira, ndi pa njanji kufikira pano. Anaumanga kuyambira ku mbali zonse ziwiri kufikira zitsulo zinakomana pakati. M'litali mwace uli mamita 198, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Unatsegulidwa pa 12 Sepitembala 1905. Maina a Azungu amene anaukonza alembedwa m'mabuku, koma anthu akuda ambiri amene ananyamula zitsulozo pamwamba pa phompho sachulidwa. Mukayenda pa mlathowo muwakumbukire.

Mlatho usanamangidwe, apaulendo ankaolokera kumtunda kwa mathithi, pa dooko lochedwa Old Drift. Pamenepo Azungu oyamba anamanga masitolo ndi nyumba zao ca m'ma 1898. Koma malowo anali cithaphwi ca udzudzu, ndipo malungo anapha ambiri. Njanji itafika, mudzi unasamukira pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero, ndipo ku Old Drift kunatsala manda okha. Mandawo alipobe m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya, m'mene muli njobvu, mbidzi, njati, nyamalikiti, ndi zipembere zoyera zimene alonda a mfuti aziyang'anira usana ndi usiku.

Mzinda watsopanowo unakula msanga. Mu 1906 Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, anayambitsa nyuzipepala ya Livingstone Mail. Mu 1907 Boma la North-Western Rhodesia linasamuka ku Kalomo kudza kuno, ndipo mu 1911 Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia yense. Kunadza Amwenye amalonda, ndi Ayuda ocokera kum'mawa kwa Ulaya, amene anamanga sunagoge wao mu 1928. Kunadza Alozi, Atonga, Abemba ndi Anyanja kudzafuna nchito pa njanji ndi pa maceka a matabwa. Koma tisabise coonadi: mzindawo unali wa tsankho. Anthu akuda anaikidwa ku makomboni monga Maramba, ndipo m'masiku amenewo m'masitolo ambiri a m'dziko muno munthu wakuda ankagulira pa zenera. Lero bwalo la ndege la mzindawu lichedwa ndi dzina la Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi wa atsogoleri amene analimbana ndi mkhalidwe umenewo.

Tsono imvani za kulandidwa kuja ndinanena poyamba. Mu 1935 Boma linaona kuti Livingstone ali ku mapeto a dziko, ndiponso ngwotentha, ndipo linasamutsira likulu ku Lusaka. Bwanamkubwa ndi akalaliki ace anapita. Ufulu utabwera mu 1964, nkhondo ya ku Rhodesia inaopsa alendo, ndipo mu 1973 Ian Smith anatseka malire. M'zaka za m'ma 1970 munali fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat, ndi mafakitale a nsalu ndi mabulangete, koma pofika m'ma 1990 ambiri anatsekedwa, ndipo anthu anasowa pogwira. Michael Sata atakhala Pulezidenti mu 2011, ngakhale likulu la cigawo ca kumwera linacotsedwa kunka ku Choma. Mzinda wina ukadafota. Koma zinthu ziwiri palibe anatha kuzikweza pa sitima: mathithi, ndi mbiri ya malowo.

Mbiriyo muipeza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Livingstone Museum, pa mseu waukulu wa Mosi-oa-Tunya. Inayamba mu 1934, ndipo ndiyo yoyamba ndi yaikulu mwa nyumba zotere m'Zambia. Cinyumba ca nsanja cimene muona lero cinatsegulidwa mu 1951. M'menemo muli makalata olembedwa ndi dzanja la David Livingstone ndi katundu wina wa pa maulendo ace. Muli cifanizo ca cibade ca munthu wakale cimene cinafukulidwa mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921; ceni ceni cinatengedwa kunka ku London. Muli ng'oma, misampha, mitondo, makasu ndi zobvala za mitundu ya m'dziko muno, ndiponso nkhani ya kulimbana kofuna ufulu. Ine ndinaimirira nthawi yaitali pa zipangizo za m'mudzi, pakuti zina mwa izo ndinaziona kotsiriza m'manja mwa agogo anga, ndipo adzukulu anga sazidziwa ndi maina omwe.

Musacoke musanaone Railway Museum, kumene kuli mainjini akale a moto a kampani ya Zambezi Sawmills, amene ankakoka matabwa a mukusi kucokera ku Mulobezi. Yendaninso pansi m'miseu ya pakati pa mzinda, muone nyumba zakale za makonde otakata ndi madenga a malata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamanga pa galimoto saona kanthu. Pitani pa msika wa Maramba, mumve Citonga, Cilozi ndi Cinyanja zirikulankhulidwa pa benci limodzi, mugule nsomba zouma ndi ndiwo za masamba. Ndipo ngati mpata ulipo, kacezeni ku mudzi wa mfumu Mukuni, kumene kucokera ambiri mwa amisiri osema ziboliboli zimene alendo agula.

Si Livingstone yekha amene adya za kukongola kwa malo ace. Mu 1931 ansembe a Cikatolika a cipani ca Capuchin anafika mu mzindawu kucokera ku Ireland, ndipo mmodzi wa cipani cimeneci, Timothy Phelim O'Shea, anakhala bishopu woyamba wa Livingstone mu 1959. Kwao ku Ireland, ca kumwera cakumadzulo, kuli mzinda wochedwa Killarney, umene uli m'mbali mwa nyanja zitatu pakati pa mapiri. Mfumukazi Victoria, amene sanapondepo pa mathithi a dzina lace, anakaceza ku Killarney mu 1861, ndipo mbiri ya malowo inakula. Mu 1932 eni munda waukulu wa Muckross anaupereka kwa mtundu wonse wa Ireland, nukhala nkhalango yoyamba yosungidwa ndi boma m'dzikomo. Kufikira lero alendo ayendetsedwa pa ngolo za akavalo m'mbali mwa nyanjazo, ndipo mabanja ambiri apeza cakudya ndi nchito imeneyi. Anthu a kumeneko anazindikira kuti nyanja ikaipa ndi mitengo ikatha, mlendo sabweranso.

Phunziro lomwelo liri pa ife. Mu 1989 bungwe la UNESCO linalemba mathithi athu pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi, pansi pa maina onse awiri, Mosi-oa-Tunya ndi Victoria Falls. Mu Ogasiti 2013 mzinda wa Livingstone ndi mzinda wa Victoria Falls wa ku Zimbabwe inalandira pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo. Mahotela acuruka m'mbali mwa mtsinje, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri apeza nchito ya kuperekeza alendo, kupalasa mabwato, kuphika ndi kuyendetsa magalimoto. Izi nzabwino. Koma pali zobvuta zimene ziyenera kunenedwa. Nyumba zikamangidwa pa njira zimene njobvu zidzera popita kukamwa, njobvuzo zilowa m'makomboni ndi m'minda, ndipo anthu apwetekedwa. Mapepala ndi mabotolo otayidwa mu mzinda atsikira m'kamtsinje ka Maramba, nathera mu Zambezi. Nyumba yakale ikagwetsedwa, palibe mmisiri angaibweze. Ndipo mlendo ndi mame. M'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, mahotela anakhala opanda anthu, ndipo osema ziboliboli anakhala tsiku lonse osagulitsa kanthu. Mzinda wodalira alendo a kutali okha uli ngati munthu wolima mbeu imodzi.

Apa ndipo pafunika inu ndi ine. Munthu sasamala cinthu cimene sanacione. Ngati eni dziko sitipita kukaona mathithi, tidzawayesa munda wa Azungu, ndipo tsiku limene wina adzafuna kuwaononga sitidzatsegula pakamwa. Dziwani kuti pa cipata ca mathithi ndi pa Livingstone Museum, mbadwa ya Zambia ilipira ndalama yocepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Nyamulani citupa canu cokha. Malo ogona a mtengo wapansi alipo mu mzinda. Inu aphunzitsi, kambiranani ndi makolo kuti ana a kalasi lomariza apite ulendo umodzi asanasiye sukulu. Inu a mabungwe a amai ndi a makwaya a mipingo, amene mudziwa kusonkha ndalama za ukwati ndi za maliro, sonkhaninso za ulendo uwu. Ndipo mukafika, gulani kanthu kwa wosema, dyani nsima ya pa msika, lemekezani eni mudzi, ndipo zinyalala zanu mubwerere nazo.

Madzulo a tsiku lomariza ndinakhala m'mbali mwa mtsinje kumtunda kwa mathithi, jekete langa lirikuuma pa mwala, dzuwa lirikulowa lofiira kuseri kwa zisumbu. Ndinakumbukira kuti madzi amenewo, atagwa m'phompho, apita ku Kariba, nalandira Kafue, nalandira Luangwa wa kwathu kum'mawa, napitirira pa Tete, nakomana ndi Shire wocokera ku Nyanja ya Malawi, asanalowe m'nyanja yamcere. Ambiri a ife amene tilankhula Cinyanja timwa m'mitsinje yothira mu Zambezi. Mtsinjewo ngwathu, ndipo mathithi ace ngathu. Musadikire imvi monga ndinacitira ine.